Njinga yosadziwa kunong'ona

Lachiwiri ndinakwera njinga yamoto ya Dominiko, mwana wa mlongo wanga, yemwe amachita kabaza pa Linthipe. Ndinkapita cha ku Chongoni kukapemphera ndi mkhristu mnzathu amene wagona pamphasa chikololereni chimanga.

Atangoliza injini, ndinadzidzimuka. Njinga imene ndinkaidziwa kuti ndi yofatsa inabangula ngati chigayo.

"Yadwala chiyani?" ndinafunsa.

"Yachira, amalume. Ndaika ekizozi ina. Yakale ija imaitsamwitsa, pano ikuthamanga."

"Waona bwanji kuti ikuthamanga? Muvi woonetsa liwirowu suja unafa kalekale?"

"Zimamveka m'thupi."

Ndinachita chizindikiro cha mtanda n'kukwera.

Pamsewu wa tala inayenda monga ziyendera zinzake. Titapatukira msewu wafumbi n'kuyamba chitunda, phokoso linakula koma chitunda sichinachepe. Mayi wina wosenza nkhuni tinayenda naye limodzi kanthawi ndithu.

"Ndinu mwalemera, amalume," anatero Dominiko. Ine amene lamba wanga ndinachita kuboola pena kuti buluku lisagwe.

Pamwamba pa chitunda tinapeza masamba pamsewu. Maliro. Tonse timadziwa: wapanjinga yakapalasa amatsika, wachipewa amavula, wagalimoto amadutsa ngati akuponda mazira. Dominiko ndi mwana woleredwa, anachepetsa moto. Koma ekizozi yakeyo sidziwa kunong'ona. Atangobweza dzanja, inaphulika kawiri ngati mfuti, pafupi penipeni ndi siwa.

Nyimbo ya amayi inadukira pakati. Adzukulu, anyamata okumba manda aja, anatizungulira, mmodzi n'kuzula kiyi.

Bambo wina wachikulire anandizindikira. "Inu a mpingo, mwayamba kubwera ndi mfuti pamaliro?"

Ndinanjuta pansi n'kupepesa m'malo mwa mwanayo. Njingayo ndiyo khasu lake, mkazi ndi ana awiri amadya pamenepo. Atakambirana anabweza kiyi, koma ndi mawu: aikankhe mpaka apitirire masamba a kutsidya, ndipo asadzadutsenso m'mudzimo ndi phokoso limenelo. Msewu umenewo ndiwo wa makasitomala ake, amayi a kabichi ndi mbatatesi amene amamudikira m'mawa uliwonse wa tsiku la msika.

Tsono ndikufunseni, abale. Ndani anatiuza kuti kulira ndiyo mphamvu?

Ine si makaniko. Mwina njinga za mpikisano, zimene amazikonza injini yonse kuti igwirizane ndi paipi yatsopano, zimapindulapo. Sindikana zimene sindinaone. Koma zathuzi, zosenza matumba m'mapiri a Dedza, ndikukayika. Anthu amene anapanga injini, magiya ndi mabuleki, akanalephera paipi yokha? Mphamvu imene iwo anaiphonya, aipeze munthu wa pansi pa mtengo ndi sowo ndi moto wowotcherera?

Ndikuganiza kuti khutu limanamiza thupi. Likamva kubangula limauza mtima kuti tikuuluka, pamene mayi wa nkhuni ali pambali pathu.

Matendawa sali pa njinga pokha. Alowa ndi m'mapemphero. Tikumaika zokuzira mawu m'kachipinda ka anthu khumi, ngati kuti Mulungu anagontha. Wopemphera mosasa mawu timati ali ndi mzimu, wogwada chete timati wazizira. Koma Malemba amatiuza za mneneri uja anaima paphiri. Kunadutsa chimphepo chong'amba miyala, kunabwera chivomezi, kunabwera moto, ndipo Ambuye sanali m'zimenezo. Anadza m'kamawu kakang'ono, koti munthu achite kutchera khutu. Akulu athu nawonso anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Wodwala uja ndinakamupeza mochedwa, ndili wapansi. Tinapemphera motsitsa, ndipo anamva zonse.

Lachinayi ndinaperekeza Dominiko kwa wowotcherera amene anamuikira yaphokosoyo kuti akabwezeretse ekizozi yakale. Anali ataisiya komweko, poti anamuuza kuti ndi chitsulo chakutha ntchito.

"Ija? Inapita tsiku lomwelo," anatero mkuluyo, maso ali pa ntchito yake. "Zoyambirira zija sizigona pano. Anthu amazifuna."

"Yotsamwitsa njinga ija?" ndinafunsa.

Anangoseka, n'kutsitsa magalasi ake akuda.

Pamene ndikulemba, Dominiko akufunsa m'magalaja ngati pali amene ali ndi ekizozi yachete. Amayi a kabichi aja ayamba kukwera njinga ya mnzake. Sindikumuseka, ndi mwana wanga, ndipo ndikumupempherera kuti aipeze tsiku lina la msika lisanafike.

Koma inu a kabaza amene mukuganiza zodula yanu sabata ino, musanapereke ndalama mufunse kaye wowotchererayo funso limodzi. Ngati ekizozi imene akukuchotseraniyo ndi yofooketsa njinga, amene akuidikira kuseri kwa shedi akuifuniranji?