Thobwa la atate

Chaka chimene sukulu inandikanika, ndinapeza ntchito pamalo ena odyera pafupi ndi pokwerera maminibasi ku Katete. Panali matebulo asanu ndi limodzi ndi firiji imodzi yolira ngati ikudwala chifuwa. Mbali yanga inali zakumwa: tiyi m'mawa, za m'botolo masana, ndi thobwa lomwe tinkasunga m'chigubu.

Eni malowo anali amayi ena apakamwa koma osasunga chakukhosi. Iwo ndiwo anandiphunzitsa ntchito. Munthu akangokhala pansi, umayamba wamufunsa chakumwa. Botolo umalipukuta, n'kumupatsa kuti aligwire amve ngati lazizira, kenako umalitsekula iye akuona. Kubwera ndi botolo lotsekula kale kunali kudzichotsa ntchito wekha, chifukwa palibe amene angamwe chinthu chotsekulidwa kuseri. Zinthu ziwiri anandiletsa kwamtuwagalu: kugwada popereka, ndi kuika pakamwa panga pakapu ya kasitomala.

"Kuno ni ku tauni, mwana wanga," ankatero. "Ukagwada na thileyi uzathira munthu tiyi pa buluku."

Ntchitoyi ndinkaikonda, ndisaname. Ndinkadziwa dalaivala amene amafuna shuga masupuni anayi, ndi mphunzitsi amene amabweza botolo likakhala kuti silinachite thukuta. Magetsi akathima ndinkaviika mabotolo m'beseni la madzi n'kumapepesa tebulo ndi tebulo.

Koma pakamwa pa anthu salondera. Wina anakauza atate kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika, kuti mwana wanu ku Katete amangokhalira kupereka mabotolo kwa amuna. Atate anali mkulu wa mpingo. Kwa iwo botolo linali ndi tanthauzo limodzi basi: mowa. Ananditumizira mawu kuti abwera kudzanditenga.

Anafika Lachiwiri masana, jekete lili mbuu ndi fumbi. Nditathamanga kuti ndiwalonjere, anangokweza dzanja.

"Gwira ntchito yako," anatero, n'kukakhala pakona.

Anakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu, chipewa chili pabondo, maso ali pa ine. Chotsekulira mabotolo chinandigwa kawiri. Ndinapatsa tiyi munthu amene anaitanitsa madzi. Mumtima ndinkakwiya: munthu wamkulu kupalasa njinga mtunda wonsewo chifukwa cha miseche! Komanso ndinkaopa, pakuti atate akanena kuti tiye, kunalibe zokambirana.

Kenako anandikodola.

"Thobwa muli nalo muno?"

"Lilipo, atate."

Ndinasankha kapu yosasweka mlomo, ndinaitsuka kawiri, ndinakhutchumula chigubu kuti ufa usatsale pansi. Ndinaika kapuyo patebulo nditaimirira, n'kungopinda mawondo pang'ono monga ndinkachitira kwa aliyense.

Atate sanaigwire. Anayang'ana kapu, n'kuyang'ana ine.

Ndinadziwa pomwepo chimene ankadikira. Kwathu thobwa silimwedwa woperekayo asanalawe. Umagwada, umamwako pang'ono mlendo akuona, kenako umamupatsa ndi manja awiri. Atate anali asanamweko thobwa mwanjira ina moyo wawo wonse, ndipo sakanayamba tsiku limenelo. Koma eni malo anali ataima pafupi ndi firiji, manja m'chiuno, akuona zonse. Ndikagwada ndalakwira ntchito. Ndikapanda kugwada, atate akananena kuti tauni yandimeza, ndipo ndikanagona kumudzi tsiku lomwelo.

Ndinacheuka kuyang'ana amayi aja. Iwo anayang'ana atate, nsapato zawo zafumbi, chipewa chili pabondo. Kenako anatembenuka n'kuyamba kupukuta chitseko cha firiji chimene ndinali nditapukuta kale m'mawa. Anachipukuta nthawi yaitali, osacheuka.

Ndinagwada pasimenti. Ndinamwako pang'ono, ndinapukuta mlomo wa kapu ndi chikhatho, n'kupereka ndi manja awiri. Dalaivala wina anayamba kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono. Atate anamwa pang'onopang'ono mpaka kapu yonse inatha.

"Waphika ndani?"

"Ndine, atate."

"Chimera chachepa," anatero. "Amayi ako akanakuseka."

Anakhalabe kanthawi akuzunguza kapu m'manja. Kenako anafunsa chifukwa chimene ndimatsekulira botolo pamaso pa munthu. Nditawafotokozera, anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti kulawa kwa kuno n'kumeneko."

Anaimirira, anakathokoza eni malo atagwira chipewa pachifuwa, n'kutuluka. Ine ndinawatsatira, chifukwa za kupita kapena kutsala anali asananene chilichonse. Njinga anaitsamiritsa pakhoma kuseri. Pakaliyala anali atamangapo chitenje cha amayi anga, chopindidwa kanayi, kuti ine ndikhalepo zitsulo zisandipweteke panjira.

Anaima akuyang'ana chitenjecho. Kenako anayamba kumasula mphira, zala zikuvutika ndi mfundo imene anaimanga okha. Anachikung'untha fumbi n'kundipatsa.

"Simenti ya muno ndi yozizira," anatero. "Uzivala ichi."

Anakwera njinga n'kulowa mumsewu, kaliyala ili yopanda kanthu. Ndinaima pomwepo ndikulira ngati mwana, chitenje chili kumaso, mpaka wina mkati anakuwa kuti tiyi wake akuzizira.