Nyenyezi ya pa tsaya

Anthu a mumsewu wawo ankangomuitana kuti aTelala, ndipo dzinali ankalikonda chifukwa linkanena za manja ake, osati nkhope. Nkhopeyo inapsa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mng'ono wake, yemwe panthawiyo ankakwawa, anakoka nsalu ya patebulo pomwe panali ketulo ya madzi owira. Iye anamukankhira uko mwanayo, madzi onse n'kuthera pa iye. Khungu linakwinyika kuyambira pa tsaya la kumanzere mpaka m'khosi, diso linakokekera pansi, khutu linangotsala kachidutswa.

Kusukulu sanakhalitseko. Akakhala pa benchi anzake ankasendera kutali, ati ukamukhudza nawenso usupuka. Mphunzitsi wina anamuika kumbuyo kwenikweni kuti ana ena asamaope. Tsiku lina anangobwera kunyumba, n'kuika makope pawindo, osabwererakonso. Mayi ake sanamufunse chifukwa. Anamutengera kwa mnzawo wosoka kuti akaphunzire makina.

Ntchito anaipeza m'sitolo yosoka zovala za ukwati, ndipo anakhalamo zaka makumi awiri ndi zinayi. Makina ake anali m'kachipinda ka kumbuyo, kuseri kwa katani. Akwatibwi ankawayeza mnzake wa kutsogolo, iye n'kumangolandira kapepala ka miyezo. Madiresi ake ankavina nawo anthu ambirimbiri omwe sanaonepo nkhope ya wosoka.

Mng'ono uja anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi. Loweruka lina masana anafika ndi kope ndi cholembera, n'kukhala pa mpando wa pafupi ndi makina.

"Achemwali, kusukulu kuja ankakunenani kuti chiyani?"

"Zakalekale zimenezo ukuzifukuliranji?"

"Ndikulemba buku la ana. Ndikufuna ana aphunzire kulandira anzawo mmene alili. Mwana asadzavutikenso ngati inu."

Telala anaimitsa makina. Chikhalire palibe anali atamufunsapo zimenezi. Anayamba pang'onopang'ono, kenako mawu anangokhuthuka: za benchi, za mayina, za mnyamata yemwe anamufunsira pobetchana ndi anzake. Mng'ono wake ankalemba, uku akupukuta misozi.

Patatha chaka buku linatuluka. Telala analitsegula ali yekha, atasamba m'manja. Munali kamtsikana ka maso aakulu, ka masaya osalala, ndipo pa tsaya limodzi wojambula anaikapo kanyenyezi kofiirira, kakang'ono ngati batani la malaya. Kamtsikanako dzina lake linali Nyenyezi. Pa tsamba lachinayi anzake anakaseka. Pa tsamba lachisanu ndi chitatu kanapulumutsa mwana wa galu m'ngalande. Pofika tsamba lomaliza, kalasi yonse inali itadzijambula tinyenyezi m'masaya, onse akuimba atagwirana manja.

"Khutu langa lili kuti?" anafunsa atakumananso ndi mng'ono wake.

"Aa, achemwali, osindikiza anati ana angaope. Chachikulu ndi uthenga."

"Ndiye kuti ine ndinalakwa posapeza galu m'ngalande."

Mng'onoyo anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala.

Mwambo woonetsa bukulo kwa anthu unachitikira mu holo ya pasukulu. Telala anasoka madiresi awiri, la mng'ono wake ndi lake. Lakelo linali la buluu, la kolala yaitali yobisa khosi, ndipo anamanga mpango wophimba khutu. Anakhala kumapeto kwa mzere wachitatu, tsaya lopsalo litaloza kukhoma. Ana anali mbwee pansi, aliyense ndi kanyenyezi ka pepala lonyezimira pa tsaya. Akuluakulu anayankhula motalika za kukhala mmene ulili, anthu n'kumaomba m'manja.

Kenako mng'ono wake anatenga maikolofoni. "Ana inu, Nyenyezi weniweni ali mommuno. Achemwali, tabwerani kuno!"

Sanamuuziretu. Telala anaimirira, n'kukwera masitepe atatu a pa nsanja. Mng'onoyo anamunong'oneza kuti, "Vulani mpangowo, aone." Anavula.

Kamtsikana kena ka kutsogolo kanayang'ana m'buku, n'kuyang'ana Telala, n'kufuula: "Bodza! Si ameneyu! Wa m'bukumu ndi wokongola!" Kamnzake kanayamba kulira, kufuna mayi ake. Mphunzitsi wamkulu anayambitsa kuomba m'manja mwamsangamsanga kuti akwirire phokosolo. Wojambula zithunzi anayandikira, nati mwaulemu, "Mayi, tatembenukirani uku pang'ono. Eya, mbali yabwinoyo."

Telala anatembenuka, anajambulidwa, anatsika. Sanadikire zakumwa. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, mpango uli m'manja, poti analibenso mphamvu zoumanga.

M'mawa mwake mng'ono wake anafika pakhomo atakwiya.

"Mwandichititsa manyazi pochoka muja. Alendo amakufunsani. Zonsezi ndachitira inu!"

"Wachitira ine? Unabwera kudzatenga misozi yanga, wakaichapa, wakaisita, wagulitsa. Chatsala kwa ine n'chiyani?"

"Ana akuphunzirapo kanthu, achemwali."

"Aphunzira kukonda kanyenyezi. Kanyenyezi ndani angakadane nako?"

Mng'onoyo anati mkulu wake ndi wosayamika, n'kutuluka. Chaka chinatha osalowerana m'nyumba. Anadzayambanso kupatsana moni pa maliro a malume awo, koma moni wa pakamwa chabe.

Bukulo linayenda. Analisindikiza kachiwiri ndi kachitatu, ndipo masukulu ambiri analiika m'mashelefu awo. Ana a mumsewu wa Telala, omwe kale ankangomulambalala mwakachetechete, tsopano anamudziwa. Akamaweruka ankaima pa mpanda wake n'kukuwa, "Nyenyezi! Nyenyezi!" Akasuzumira pawindo, onse balala, akuseka mpaka kugwa. Pa zaka makumi asanu anapatsidwanso dzina lachipongwe ngati mwana wa sukulu, ndipo ili linali losindikizidwa, sakanalifufuta.

Maso atayamba kufooka anasiya ntchito kusitolo, n'kumangosoka zigamba ndi mayunifolomu kunyumba. Tsiku lina mayi woyandikana naye anabweretsa thalauza yong'ambika ya mwamuna wake, pamodzi ndi nkhani.

"Mwamva? Ang'ono anu akulemba buku lina. Ili ndi la mwana wolumala mwendo. Akuti akumapita kukacheza ndi bambo wosoka nsapato uja, woyendera ndodo."

Telala anayesa kulowetsa ulusi pa singano katatu, osalowa. Anaunyowetsa ndi malovu, n'kuyesanso.

"Mukamuona bamboyo," anatero, "mumuuze kuti tsiku la mwambo adzadwale."