Mpweya wa Ankhazi NyaMhone

Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi pamene ankhazi NyaMhone, mlongo wa bambo anga, anabwerako ku Joni komwe ankalera ana a mabwana. Kunena zoona, sindinkawakonda. Anali olongolola, ndipo chilichonse cha kwathu ku Nkhata Bay ankachipezera chifukwa. Ndowa yamadzi ikakhala yosavundikira, aneba onse ankamva. Amayi ankangoti, "Asiyeni, Joni sinawachoke m'mutu."

Kuseri kwa khitchini kunali ndowa yaikulu imene amayi anaviikamo chinangwa cha kondowole. Tsiku lina m'mawa mlongo wanga Yotamu, khanda lomwe linali litangoyamba kuimirira pogwira zinthu, anakwawira kumeneko. Ndinamupeza miyendo ili m'mwamba, mutu uli m'madzi onunkha aja.

Nditamuvuula anali lende, milomo itada. A Chirwa, aneba athu, anamugwira miyendo n'kumuzondotsa, akumugwedeza kuti madzi atuluke, monga ankaonera kwa asodzi padoko. Palibe chinachitika. Amayi anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira maliro, azimayi ena n'kuwalandiza. Wina anali atamasula kale chitenje choti amufunditse.

Ankhazi anatulukira manja ali thovu la sopo lokhalokha.

"Mulamu, khalani chete. Wakuuzani ndani kuti wafa? A Chirwa, bweretsani mwanayo, inu thamangani mukapeze galimoto."

Anamugoneka chagada pakhonde la simenti n'kumukweza chibwano pang'ono. Anaika pakamwa pawo pamphuno ndi pakamwa pa mwanayo, n'kuuzira mpweya pang'onopang'ono mpaka kachifuwa kanakwera. Kenako anaika zala ziwiri pakati pa chifuwacho n'kumadinikiza mofulumira, akuwerenga motsitsa mawu. Akadinikiza, auzirenso, akauzira, adinikizenso. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti akungovutitsa mtembo. Iwo sanatembenuke n'komwe, thukuta likudontha pachibwano.

Mwadzidzidzi Yotamu anatsokomola n'kusanzira madzi a chinangwa pa diresi lawo la ku Joni, kenako analira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Galimoto itafika ankhazi anapita naye kuchipatala, komwe anagonekedwa masiku angapo.

Atabwerako, ankhazi sanadikire kuthokozedwa. Anatisonkhanitsa, akulu ndi ana omwe, n'kutiphunzitsa zimene anachita zija pa chidole changa, akutikalipira tikalakwitsa. Anawabwerezetsa a Chirwa mpaka manyazi anawathera.

Tsopano ndimamvetsa kuti kulongolola kuja anali mantha a munthu wodziwa kuti khanda limatha kumira m'ndowa wamba. Tonse tinkamukonda Yotamu, koma m'mawa umenewo tinali titamupereka kale. Iwo okha ndi amene anakana.

Ankhazi anatisiya chaka chatha. Pamaliro awo Yotamu, yemwe lero ndi bambo wandevu zake, analira kuposa azimayi onse, ndipo panalibe womuuza kuti akhale chete.