Bandeji pa bondo losavulala

Dzulo ku Mzimba boma tinkaonera mpira pa kanema, ndiye katswiri wina anamutulutsa pa machira, mtsempha wa bondo utaduka. Anzanga ankamumvera chisoni, ine ndinangopsa mtima ndi uchitsiru wanga wakale.

Ndili mwana ku Edingeni ndinkatola nyuzi zokulungira usipa kuti ndiziwerenga. M'zithunzi zonunkha nsombazo, osewera otchuka ankakhala ndi bandeji pa bondo. Ine ndinkayesa ndi nyota ya ukatswiri, ngati ya msilikali.

Tsiku limene aphunzitsi anandisankha koyamba kuti tikasewere ndi a ku Embangweni, ndinang'amba duku loyera la amayi la kutchalitchi n'kumanga bondo. Ndinathinitsa mpaka mwendo unachita dzanzi, moti ndinafika pabwalo ndikutsimphina.

Aphunzitsi anandiyang'ana. "Wavulala chomene iwe. Mbwenu khala pansi."

"Ayi aphunzitsi, ndili bwinobwino."

"Wabwinobwino amamanga chinsanza? Vula jeziyo umupatse Gondwe."

Gondwe anagoletsa zigoli ziwiri, ndipo jeziyo sinabwererenso kwa ine. Kunyumba amayi ankandidikira, theka la duku lili m'manja.

Akatswiri amasiya mpira mawondo atatha. Ine ndinausiya onse awiri ali atsopano.