Mphuno ya Eleuterio Maita

Ku zitsime za mafuta za kum'mwera kwa tauni ya El Tigre kunalibe wantchito amene sanalawepo dzanja la Eleuterio Maita. Ine anandigulula dzino sabata yanga yoyamba, atandipeza ndi ndudu kukhutu, yosayatsa n'komwe. Ndinamuda kwambiri, sindibisa.

Mafuta athu kuno ndi olimba ngati phula, satuluka pansi popanda kuwasungunula. Kale tinkathiramo nafita, mankhwala onunkha oyaka msanga. Nafita yemweyo anapsereza mkulu wake wa Eleuterio iye akuona, ndipo kuyambira pamenepo moto ankaulondera ndi zibakera. Panalinso mwambo wathu: thanki isanawotcheredwe, mdalayo ankatsegula chivundikiro n'kununkhiza. Akati yatsa, umayatsa. Kachipangizo koyezera mpweya kanafa kalekale, ndipo palibe ankakafunsa.

Mwana wake Zuleima atakwatiwa ndi Yorman, wowotcherera zitsulo, anabwera yekha pageti.

"Ababa, mwamuna wangayu ndikumusiya m'manja mwanu. Azibwera kunyumba wathunthu."

"Ameneyu? Ndizimumenya kawiri patsiku, safa," anatero mdalayo, tonse n'kuseka.

Kenako kampani inabweretsa mankhwala atsopano ochokera ku makoko a malalanje, akuti saononga nthaka ndi madzi. Ankasungunuladi bwino, mafuta n'kumakwera mosavuta. Tinawakonda mopusa. Tinkasamba nawo m'manja, ena ankaba pang'ono kukakolopera kunyumba. Anatiuza kuti nawonso amayaka akatenthedwa, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ndani angaope fungo la lalanje?

Tsikulo dzuwa linali litawamba thanki kuyambira m'mawa. Yorman anakwera ndi zida zake, arepa, kachikondamoyo ka ufa wa chimanga, ali kukamwa.

"Apongozi, tanunkhizani msanga, ndikufuna ndikaone mwana wanu."

"Khala chete, galu iwe." Eleuterio anaweramira pachivundikiro n'kukoka mpweya. "Muli zipatso zokhazokha umu. Yatsa."

Anatsika. Sanafike n'komwe pagalimoto yake.

Thanki inaphulika, denga lake linauluka n'kukadula mtengo wa mango pakati. Ine ndinagwa chagada, magazi akutuluka m'makutu. Yorman anagwera m'ngalande ya mafuta oyaka, akukuwa. Tonse tinathawa, ndikunena zoona, koma mdalayo anathamangira komweko. Anamukoka ndi manja osavala kanthu, khungu la onse awiri likusupuka n'kumamatirana.

Ambulansi itanyamula Yorman, mchimwene wake, amene ankayendetsa thanka yonyamula mafuta, anatola sipanala n'kumufikira Eleuterio.

"Wati yatsa ndiwe! Ndakumva ndi makutu angawa!"

Anamumenya pamapewa, m'nthiti, kumaso mpaka mphuno inaphwanyika. Munthu amene ankatigwetsa tonse ndi khofi limodzi anangogwada, manja opsawo atawatambasula kutsogolo kuti asakhudze dothi. Panatenga nthawi kuti tileretse, ndipo ena mwa ife sitinafulumire dala.

Yorman anamwalira m'chipatala patapita masiku angapo. Pa maliro Eleuterio anafika manja ali m'mabandeji, nkhope yotupa, n'kuyandikira bokosi kuti alinyamule paphewa pamodzi ndi achibale. Zuleima anamutchingira njira. Sanakuwe, sanalire.

"Ababa, musaligwire."

Mdalayo anabwerera m'mbuyo. Ulendo wonse wa kumanda anayenda kumapeto kwa mzere, pakati pa anthu ongodzaonerera, ndipo ine amene ndinkamuda ndinamumvera chisoni mpaka ndinalephera kumuyang'ana.