Mzere Wofiira wa Amayi a Taipi

Amayi a Taipi anataipa makalata ndi mapangano a fakitale ya simenti kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso. Sankaseka pa ntchito, ndipo sankachedwa.

Popuma pa ntchito, wantchito aliyense anapatsidwa masheya ochepa a fakitaleyo. Ambiri sankadziwa kuti pepalalo ndi la chiyani, ena analiponya m'sutikesi pamodzi ndi makadi a kuchipatala. Amayiwa ndiwo anati bungwe la opuma likhale ndi tsamba pa intaneti, kuti munthu aziona mtengo wa masheya ake osakwera basi kukafunsa. Mkamwini wawo, wokonza makompyuta, anamanga tsambalo. Chilolezo choonetsa mitengo chinachokera ku kampani ina yofalitsa manambala a kumsika wa masheya, ndipo amayi anasaina okha atawerenga masamba onse khumi ndi anayi.

Pangano linali lomveka. Mitengo izifika itachedwa ndi mphindi khumi ndi zisanu, ndipo pansi pake pazikhala ndime ya chenjezo monga kampani inailembera. Ndimeyo inali ya tizilembo totuwa, tating'ono ngati nyerere.

Tsiku lina kunabwera a Nyundo, omwe kale anali kalipentala wa pafakitale, thukuta lili kamukamu. Anali ataona mtengo wabwino pa foni n'kuthamangira kwa wogulitsa masheya. Kumeneko anamva mtengo wina, wotsika. Anakangana mpaka mlonda anawagwira mkono n'kuwatulutsa.

"Mwandichititsa manyazi, amayi. Tsamba lanu ndi labodza."

"Si labodza. Limachedwa. Zalembedwa pansipo."

"Pansi pati? Ine ndimayesa ndi fumbi la pagalasi. Ndakhala ndikupukuta ndi malaya."

Amayi sanaseke. Anaitanitsa mkamwini n'kumuuza kuti achotse tizilembo tonse, aike mzere umodzi wofiira wa zilembo zikuluzikulu: MTENGO UWU NDI WA MPHINDI 15 ZAPITAZO. MUSANAGULITSE, FUNSANI.

"Apongozi, pangano likuletsa."

"Ndakumvani, akamwini. Chotsani."

Patapita miyezi iwiri kunafika kalata ya loya wa kampani yopereka chilolezo ija. Inati ndime ibwerere, mzere wofiira uchoke, zonse pasanathe masiku asanu ndi awiri. Apo ayi chilolezo chilandidwa, ndipo nkhani ikhoza kupita ku khoti. Popanda chilolezo tsambalo likanangokhala khoma lopanda kanthu, ndipo okalamba oposa zana akanabwerera ku basi.

Mwana wawo wamkazi anaiwerenga kawiri ataimirira pakhomo la khitchini.

"Amayi, chotsani basi. Mukufuna mukafere ku khoti chifukwa cha mzere umodzi?"

"Ku khoti kuli mabenchi. Ndikakhala."

M'mawa mwake amayi anavala suti yawo yakale ya ku ofesi, anatenga fayilo ya pangano, nadutsira kwa a Nyundo kukabwereka foni yawo ya galasi losweka. Ofesi ya loya inali pansanjika yachitatu, ndipo chikepe chinali chitafa. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, osagwira chitsulo cha m'mbali.

Loya anali bambo wa imvi pang'ono, wa magalasi okhuthala. Anayamba kulankhula mofatsa ngati akulankhula ndi wodwala.

"Mayi, nkhaniyi ndi yaing'ono. Mungosaina apa kuti mwachotsa."

"Ndime yanu ndinachotsa ndine. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ibwerera lero. Mzere wofiira suchoka."

"Kampani sikufuna mawu owonjezera pafupi ndi mitengo yake."

"Ndime iti?"

Loya anatsegula pangano. Anapita kutsogolo, anabwerera m'mbuyo. Amayi anangopinda manja.

"Musavutike, bambo. Ndi ndime yachisanu ndi chinayi. Ikuti osachotsa, osasintha. Kuwonjezera sikunatchulidwe. Mapangano ndataipa ambiri. Munthu amamangidwa ndi zomwe zinataipidwa, osati zomwe bwana ankaganiza ali m'bafa."

Kenako anaika foni ya a Nyundo patebulo, ikuonetsa ndime yotuwa ija pa tsamba la kampani yomweyo.

"Werengani mokweza."

Loya anaiyandikitsa kumaso. Anaitalikitsa. Anavula magalasi, anawavalanso.

"Galasi lake ndi losweka, mayi."

"Mwini wake ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo magalasi ngati anuwo alibe. Chenjezo lanu munalembera ndani? Woweruza? Langa ndinalembera iye."

Loya anakankhira foni pambali. Anati mawu akuti "funsani" akhoza kuoneka ngati uphungu wa zamalonda, umene amayi alibe chilolezo chopereka.

"Kuuza munthu kuti afunse ndi mlandu tsopano? Lembani zimenezo pa pepala, musaine, ndikaonetse woweruza."

Loya sanalembe. Anati akalankhula ndi kampani, koma sangalonjeze kanthu, ndipo chaka chikadzatha kampani ikhoza kukana kuwapatsanso chilolezo.

"Chaka chikadzatha mudzandipeza," anatero amayi, akunyamula fayilo yawo.

Masana omwewo mkamwini anabwezera ndime yotuwa pamalo pake, mawu onse monga analili. Mzere wofiira unakhalabe pamwamba. Masiku asanu ndi awiri anatha, tsamba likuoneka. Mwana wawo ankadzidzimuka foni ikalira. Amayi ankasita zovala.

Kalata yachiwiri inabwera patatha milungu itatu. Inali ya mizere inayi. Kampani yaona kuti ndime yabwerera, ndipo pakadali pano sichitapo kanthu, koma nkhani ya mawu owonjezera idzaunikidwanso pokonza pangano latsopano.

Mkamwini anapumira m'mwamba.

"Apongozi, bwanji tichepetseko zilembo zofiirazi, tisawapute?"

Amayi anaboola kalatayo n'kuiika m'fayilo.

"Kulitsani."