Chitsekero Chimodzi cha Feteleza

Ndinasiya koleji chaka chachiwiri chili pakati. Ndinkaphunzira za unamwino chifukwa aliyense wa kwathu amene ali kuno amati ntchito ili kumeneko. Tsiku lina ndinakwera basi ya ku koleji, itafika pageti sindinatsike, ndinapita nayo mpaka kumene imathera. Sukulu inathera pomwepo. Wofuna chifukwa chozama akafunse kwina, ine ndinangotopa.

Ndinkakhala kwa amalume ku Scarborough, dera lina la mzinda wa Toronto, m'nyumba zosanja zija zofanana zonse. Ndinkagona m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa masutikesi ndi makatoni a zovala zodikira munthu wopita kumudzi. Amalume anali mlangizi wa zaulimi ku Dowa asanabwere kuno. Pano amagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi. Nditasiya sukulu sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Iwo ankangoti popempherera chakudya, ine ndili pomwepo, n'kupempha Mulungu kuti aongole njira za achinyamata ena a m'nyumba muno. Wachinyamata m'nyumbamo ndinali ndekha.

Nyengo yotentha ya chaka chimenecho ndinapeza ganyu kunja kwa Hamilton, kwa mayi ena achizungu, okalamba, amene amalima maluwa ndi mitengo m'nyumba zagalasi. Kuti ndikafike ndinkakwera basi, sitima yapansi pa nthaka imene amati sabuwe, sitima ina, kenako basi ina. Ntchito yanga inali kunyamula matumba a dothi ndi kutsuka miphika ya maluwa. Mayiwo sanandifunsepo za sukulu, n'chifukwa chake ndinakhalitsa.

Kumapeto kwa nyumba yagalasi ina kunali tebulo lalitali la bonsayi. Bonsayi ndi mtengo weniweni umene amaudzala m'kambale, n'kumaudulira mizu ndi nthambi, kuupinda ndi waya, kuti ukalambe koma usatalike. Yambiri patebulopo inali mitengo ya kuno. Koma panali ingapo imene mayiwo sankalola munthu wina kuithirira. Dzina lake ndi bankisiya, ndipo imachokera ku Australia, kwawo kwa malemu amuna awo. Malemuwo ndiwo anaidzala kuchokera ku njere. Njerezo zimakhala m'chinthu chooneka ngati chitsononkho, cholimba kwambiri, ndipo sizituluka mpaka moto utadutsa kutchire. Malemuwo ankachita kuziwamba mu uvuni wa kukhitchini. Masamba ake ndi obiriwira pamwamba, koma ukawatembenuza ndi oyera ngati awaza ufa. Khungwa lake ndi lokhakhala ngati msana wa chule.

Ndinayamba kudyera nkhomaliro pafupi ndi mitengoyo. Mayiwo ataona anayamba kundiphunzitsa mmene umakulungira waya osapana khungwa, nthambi yoti uchotse, ndi ina yoti uisiye ngakhale ikukunyansa. Chinthu chimodzi anachibwereza mpaka kunditopetsa: mtengo wa bankisiya sufuna feteleza wamba. Kwawo umamera pamchenga wopanda chakudya, ndiye mizu yake imapanga timagulu ngati timaburashi, toyamwa kalikonse kamene kapezeka. Ukauthira feteleza wa fosifolasi wambiri umayamwa osaleka mpaka kufa.

Masamba a mitengo ya kunja atayamba kufiira, nyengo yozizira ikuyandikira, ganyu inatha. Tsiku lomaliza mayiwo anandiitana. Anati manja awo ayamba kunjenjemera, waya sakuugwiranso bwino, ndipo akufuna munthu mmodzi wa ntchito yokhazikika, chaka chonse, wosamalira bonsayi. Sanandibisire kuti tilipo awiri amene akutiganizira. Aliyense amupatsa mtengo umodzi wa bankisiya akausunge nyengo yozizira yonse, n'kubwera nawo ku chionetsero chimene olima bonsayi amachita mu Toronto kukayamba kufunda. Akadzaiona patebulo adzadziwa wotenga.

Ndinaunyamula m'katoni, pamiyendo, ulendo wonse wa sitima. Unali wautali ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, wopendekeka ngati wakulira pamphepo. Chifikireni kuno ndinali ndisanafunepo kanthu ngati mmene ndinaifunira ntchito imeneyo.

Amalume atauona anaseka mpaka kukhala pansi. Anapisa chala m'kambalemo n'kuchinunkhiza.

"Mphwanga, ili si dothi. Ndi timiyala ndi mchenga. Mtengowu wapinimbira ndi njala, mzungu wakoyo sakuona?"

Ndinawafotokozera zonse, za mizu, za mchenga wa kwawo, pang'onopang'ono, zimene sindichita kawirikawiri. Anandimvetsera mutu atapendeketsa. Kenako anati iwo anayenda minda ya Dowa yonse pa njinga yamoto, ndipo mbewu yokana feteleza sanaionepo. Amene anawaona ndi alimi osowa makuponi. Anati kwathu anthu amagona pamzere kudikira thumba limodzi, ndiye ine ndizibwera ndi kamtengo konyada. Ndinawapempha kuti asaukhudze. Anati chabwino, ndi wako.

Windo lolowa dzuwa linali la pabalaza lokha, ndiye unakhala pamenepo. Ndinaugulira nyale yoonjezera kuwala. Hita yotenthetsera m'nyumba inkaumitsa mpweya, moti m'mawa uliwonse ndinkaupopera madzi ndisanasukusule. Nthambi yam'munsi ndinaikulunga waya n'kumaitsitsa pang'onopang'ono kuti isathyoke. Sinowo itayamba kugwa masamba ena akale anachita chikasu n'kuthothoka, ndipo mayiwo anandiuza pafoni kuti zimachitika, ndisade nkhawa. Amalume akamadutsa ankaima n'kupukusa mutu.

Pa Khirisimasi pabalazapo panadzaza anthu a kutchalitchi, a kwathu ndi a ku Zambia omwe. Mayi ena analoza mtengo wanga n'kufunsa ngati imeneyi ndiye digiri imene ndinadropera koleji. Ena anaukoleka kampira konyezimira ka pamtengo wa Khirisimasi, onse n'kufa nacho chiseko. Ndinakachotsa n'kulowa m'kachipinda kanga.

Amalume ali ndi kadimba m'malo amene khonsolo imagawira anthu a m'nyumba zosanja. Amalimamo nkhwani, mpiru ndi timizere ta chimanga chimene sichikhwima bwino. Feteleza wotsala ankamusunga m'chidebe, wa timibulu totuwa. Ankati mwa feteleza yense wa kuno, ameneyo yekha ndiye amafanana ndi chitowe.

Nthawi yomweyo ndinali nditapeza ganyu ina kosungira katundu, mashifiti ataliatali. Ndinkachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa. Chaka chatsopano chitayamba, nsonga za masamba zinayamba kupsa. Kenako timphukira tinada ngati tawauka ndi moto. Ndinausuntha kutali ndi hita. Ndinachepetsa madzi, n'kuwaonjezeranso. Masamba ankangogwa, obiriwira omwe.

Loweruka lina ndinatukula ndere zimene zinaphimba dothi kuti ndione ngati mizu yaola. Pansi pake, kutali ndi tsinde ngati zala zinayi, panali kadzenje kokwiriridwa bwinobwino, kotsinderedwa ndi chala chachikulu. Ndinakumba ndi supuni. Munatuluka timibulu totuwa, tosungunuka theka.

Aliyense wokulira kwathu amaidziwa ntchito imeneyo. Umaboola ndi chisonga pambali pa phando, kuthira chitsekero cha botolo chodzaza, n'kukwirira kuti mvula isakokolole. Koma chitsekero chimodzi ndi cha phando la chimanga pamunda, pamene pali dothi lofika pansi ndi mvula ya Januwale. Apa chinali m'kambale kosaposa mbale yodyera.

Amalume ankasita yunifolomu yawo. Ndinaika supuniyo patsogolo pawo. Sanakane.

"Chitsekero chimodzi chokha, mphwanga. Ndipo sindinaike patsinde, waona wekha. Chikasu chija chinali njala. Ndimati ukapite nawo uli wobiriwira, mzungu akulembe ntchito." Anatembenuza malaya. "Ameneyo ndi wokulitsa. Wobereketsa ndimati ndithire sabata yamawa."

"Ndinakuuzani, amalume."

"Unandiuza. Koma iwe wamaliza chiyani kuti undiphunzitse ulimi?"

Analankhula motsitsa, ndipo ndinaona kuti mawuwo awatuluka asanakonzekere. Anazimitsa simbi malaya asanathe n'kulowa kuchipinda. Ine ndinatola supuni ija. Ndinkagona m'nyumba mwawo, ndikudya chawo.

Ndinatengera mtengowo kubafa n'kuutsanulira madzi nthawi yaitali kuti feteleza atsukike. Nditauzula, timaburashi ta mizu tija tinali takuda, tofewa, tonunkha. Ndinaimbira mayiwo. Anafunsa manambala olembedwa pachidebe. Nditawawerengera anati ndiuike mumchenga watsopano, ndidikire, ndipo ndizikanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo. Pakakhala pobiriwira ndiye kuti moyo ulipo. Mawu awo sanali a munthu woyembekezera kanthu.

Ndinkakanda. Poyamba kunsonga za nthambi, kenako pakati, kenako patsinde, kutsikira pansi. Amalume anabwera ndi kabotolo ka madzi opemphereredwa, ndipo ulendo uno anapempha kaye. Ndinawalola, panalibenso choononga. Sinowo isanasungunuke ndinafika pamene tsinde limalowa m'dothi, ndipo panali pouma ngati nkhuni.

Kuchionetsero ndinapitabe chifukwa kambaleko kanali ka malemu aja, kofunika kubweza. Munali muholo, matebulo okutidwa ndi nsalu, mtengo uliwonse pa kathabwa kake, anthu akuyenda pang'onopang'ono manja kumbuyo, akunong'onezana. Mtengo wa mnzanga wopikisana naye uja unali pakati, uli ndi duwa limodzi lachikasu loimirira ngati kandulo. Waya wake unali utadya khungwa pa nthambi ina, ndinaona ndili patali. Koma unali wamoyo.

Mayiwo anandipeza pakhomo, katoni ili m'manja. Anatsegula, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anayendetsa chala pa nthambi imene ndinaipinda. Anati wayayo ndinakulunga bwino, ndipo akudziwa kuti wothira feteleza si ine. Koma ntchito ndi imodzi, ndipo sangaipereke pa mtengo wouma pamene winayo wabweretsa wamoyo. Ngati ndikufuna, ganyu yonyamula dothi idzakhalapo kukatentha. Ndinati ndiona. Sindinapiteko.

Pano ndimagwira ntchito kumene amagwira amalume, kochapira zovala ndi zofunda, pansi penipeni kopanda windo. Ndiwo anandipemphera malowo. M'mawa timakwera basi imodzi, ndipo amandisungira mpando. Za mtengo sitinakambiranenso awiri. Koma Lamlungu lina ndinawamva akufotokozera anzawo potuluka m'tchalitchi. Anati zinawapweteka kwambiri, chifukwa akanathira msanga, chikasu chisanalowe, bwenzi mwanayu ali pa ntchito yabwino. Anzawowo anavomereza kuti feteleza wochedwa amatero. Ine ndinali pambali, nditawanyamulira jekete.